Botolo la mpweya la mfuti ya paintball: ndigule liti, nanga ndizidzazitsa kuti kuno ku Dedza?

Wowerenga wina wa pa Dedza boma walemba motere:

"Achimwene anga aakulu amene amagwira ntchito ku Johannesburg anditumizira mfuti ya paintball ya mtundu wa Tippmann Cronus, yatsopano m'katoni mwake, pamodzi ndi chigoba cha kumaso ndi timipira ta penti. Botolo la mpweya sanatumize, akuti ndiyambe ndafufuza loyenera, adzabwera nalo pa Khirisimasi. Kusitolo awaonetsa mitundu itatu: la CO2, la aluminiyamu lolembedwa 48/3000, ndi la carbon fibre lolembedwa 68/4500, lomwe ndi lodula kwambiri. Anzanga anayi nawonso akufuna kugula zawo kuti tizisewera Loweruka, koma kuno kulibe bwalo la paintball. Mnzanga wina akuti tizikapopetsa kwa okonza matayala, wina akuti owotcherera zitsulo ali ndi masilinda a mpweya wamphamvu. Ndigule liti? Ndipo ndikadzagula mfuti yamagetsi m'tsogolomu, botololo lidzagwirabe ntchito?"

Achimwene, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mwachita bwino kufunsa akulu anuwo asanatulutse ndalama. Mtima ukhale m'malo, Cronus ndi mfuti yosasankha. Ndi ya banja limodzi ndi Tippmann 98, imene mabwalo ambiri amabwereketsa kwa alendo chifukwa cha kulimba kwake, ndipo imagwira ntchito ndi CO2 komanso ndi mpweya wopanikizidwa, umene m'masitolo amaulemba kuti HPA. Pa mabotolo atatu mwatchulawo palibe limene lingaiwononge. Nkhani yagona pena. Botolo lililonse limatha mpweya tsiku lomwelo mwayamba kusewera, choncho muyambe mwadziwa kodzazitsira, kenako botolo lidzasankhika lokha. Wogulitsa wa ku Johannesburg amalankhula ndi anthu amene ali ndi bwalo pafupi, komwe amangolumikiza paipi botolo n'kudzaza m'kamphindi. Malangizo ake ndi oona kwa iwowo. Kwa inu pa Dedza, botolo labwino ndi limene mungakwanitse kulidzaza Loweruka lililonse.

Ndiyambe ndi maganizo a anzanu awiriwo, chifukwa limodzi mwa iwo ndi loopsa. Kompuresa ya okonza matayala imalekera cha m'ma 120 mpaka 150 psi (psi ndi muyeso wa puresha ya mpweya). Tayala la galimoto yaing'ono limangofuna kupitirira pang'ono 30 psi, ndiye kwa iwo imeneyo ndi mphamvu yokwanira. Cronus yanu imafuna pafupifupi 800 psi kuti iponye kampira kamodzi n'kudzikokanso, ndipo botolo limadzazidwa mpaka 3,000 kapena 4,500 psi. Ngakhale mutapeza njira yolumikizira paipi ya matayala, muvi wa geji sungasunthe n'komwe. Pamenepa mungotaya nthawi basi.

Za kwa owotcherera zitsulo zokhazo, chonde musayese, ndipo mnzanuyo mumuuze lero lomwe. M'masilinda awo muli okosijeni ndi acetylene. Okosijeni wopanikizidwa akakumana ndi girisi, mafuta kapena timphira ta mu reguleta (kachipangizo ka pamutu pa botolo kotsitsa puresha), amayatsa moto mkati mwenimweni mwa botolo, ndipo botolo limaphulika lili m'manja mwa munthu. Masilinda a okosijeni a kuchipatala ndi chimodzimodzi. Zipangizo za paintball sizinapangidwire okosijeni, ndipo palibe adaputa kapena luso la mmisiri limene lingasinthe zimenezi. Mpweya wololedwa m'botolo la HPA ndi uwiri wokha: mpweya wamba wosefedwa bwino, ndi nayitirojeni.

Tsono tione CO2, poti ndi imene imaoneka yotsika mtengo. M'botolo la CO2 mumakhala zamadzimadzi, monga mmene zimakhalira mu silinda ya gasi wophikira: pansi pali madzi ake, pamwamba pali mpweya umene ukutuluka m'madziwo. N'chifukwa chake polidzaza amaliyeza pa sikelo, ndipo pabotolo amalemba 12 oz kapena 20 oz, kutanthauza kulemera kwa CO2 yolowamo. Puresha yake imayendera kutentha kwa kunja. Pa 20°C imakhala cha m'ma 830 psi, pamene Cronus imagwira bwino zedi. Kukazizira kufika pa 10°C imatsikira cha m'ma 650 psi, ndipo kukatentha kufika pa 30°C imadutsa 1,000 psi. Taganizirani tsono za kwanuko, tawuni imene ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'mawa wa June kapena July nkhungu itakuta phiri. Mfuti imayamba kale yofooka. Mukamawombera motsatizana, madzi aja amasanduka mpweya mofulumira, botolo limazizira kwambiri mpaka kuchita chisanu kunja kwake, ndipo timipira timagwera pafupi, kalikonse pakepake. Mukaloza mfuti pansi, madziwo amalowa mu valavu, kumpope kumatuluka utsi woyera, kampira kena n'kuthamanga mopitirira muyeso. Ndipo mfuti yomwe munaitchera bwino m'mawa wozizira, pofika masana a October imakhala ikuponya mwamphamvu yoti n'kuvulaza mnzanu.

Sindikunena kuti CO2 ndi yachabe. Botolo la 20 oz limaponya timipira tokwana 800 kapena kuposa, ndipo anthu anasewera nayo zaka zambiri HPA isanafale. Koma nayonso imafuna kodzazitsira. Amene angakuthandizeni ndi makampani okonza zozimitsira moto ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 85, ndipo ayenera kukhala ndi adaputa yoyenera komanso sikelo, chifukwa botolo la CO2 likadzazidwa mopitirira kulemera kwake limaphulitsa chitetezo chake likangotenthedwa ndi dzuwa. Mukaphatikiza kuzizira kwa Dedza ndi funso lanu la mfuti yamagetsi, ine CO2 ndikanaisiya. Ndiwonjezere kuti botolo la CO2 silidzazidwa ndi HPA. Linapangidwira puresha yotsika, cha m'ma 1,800 psi, ndipo lilibe reguleta.

Manambala a pa mabotolo a HPA ndi osavuta. Yoyamba ndi kukula kwa mkati mwa botolo m'ma cubic inch: 48 ndi pafupifupi malita 0.8, 68 ndi pafupifupi malita 1.1. Yachiwiri ndi puresha imene botolo limaloledwa kudzazidwa. Masitolo ena a ku South Africa amalemba m'ma bar, ndiye 3,000 psi ndi cha m'ma 200 bar, 4,500 psi ndi cha m'ma 300 bar. Osewera amawerengera mwachidule kuti cubic inch iliyonse imaponya timipira 10 pa 3,000 psi, ndi 15 pa 4,500 psi. Mwa njira imeneyi 48/3000 imapereka pafupifupi 480, pamene 68/4500 imapereka pafupifupi 1,000. Pa zimene ndaona ndi mfuti za Tippmann, muziyembekezera zocheperapo, chifukwa zimadya mpweya wambiri, ndiponso geji ikatsika kufika cha m'ma 800 psi mfuti imalephera kudzikoka, imangoti prrr ngati ikubwebweta. Mpweya wotsala pansi pa pamenepo ulipo koma sukuthandizani. Ndiye 48/3000 muziiwerengera ngati chosungira timipira cha 200 chodzaza kawiri, kapena kupitirirako pang'ono.

Pano ndi pamene botolo la carbon fibre limanyenga anthu ambiri. Timipira 1,000 tija mumatipeza pokhapokha botolo litadzazidwa mpaka 4,500 psi. Ngati kodzazitsira kwanu kumalekera pa 3,000, botolo lodulalo lizikupatsani cha m'ma 700 kapena kucheperapo. N'zoona kuti zikuposabe la 48, koma mwalipira katatu kapena kanayi mtengo wa la aluminiyamu, ndipo ndalama imeneyo ikanagula mabotolo awiri a aluminiyamu n'kutsalako ina.

Njira zodzazira zimene zingatheke kwa inu ndi zinayi, koma ziwiri ndi zimene ndikufuna muziganizire mofatsa.

Yoyamba ndi silinda ya osambira pansi pa madzi, ya scuba. Malo ophunzitsa alendo kusambira pansi pa nyanja ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay ali ndi makompuresa odzaza mpaka cha m'ma 200 bar, ndipo mpweya wawo ndi wosefedwa, wouma, poti ndi woti munthu apume. Kwa mfuti yanu palibe mpweya woposa umenewo. Kuchokera kwanuko kupita ku Cape Maclear mumakhotera pa Masasa, kutsika Khwekhwerere mpaka Golomoti, n'kulunjika ku Monkey Bay. Silinda yofala ndi ya aluminiyamu ya malita 11, yodzazidwa pa 3,000 psi. Mumagula kachipangizo kotchedwa fill station, kamene kamamangidwa pa valavu ya silinda mbali ina, mbali ina n'kulowa pa kamlomo kodzazira ka botolo lanu. Mavalavu a scuba ali mitundu iwiri, yoke ndi DIN, ndiye akulu anu agule fill station atadziwa kale mtundu wa silinda imene mudzakhale nayo.

Chofunika kumvetsa n'chakuti silinda sipopa, imangogawana mpweya ndi botolo lanu mpaka puresha ifanane mbali zonse. Botolo loyamba lidzafika cha m'ma 2,800 psi, lachiwiri kutsikirako, ndipo pofika lakhumi mudzakhala cha m'ma 1,900 psi. Kumbukirani kuti 800 ya pansi ija siwerengedwa, ndiye botolo lakhumilo likupatsani theka chabe la timipira ta loyamba. Anthu asanu, aliyense akadzaza kawiri kapena katatu, silinda imodzi yatha tsiku limodzi. Amene ali ndi masilinda awiri amayamba ndi yofookayo kenako n'kumalizira ndi yamphamvu, ndipo mpweya umapita patali ndithu. Komabe kupita kunyanja ndi kubwerako ndi ulendo wa tsiku lathunthu, mafuta a galimoto pambali. Njira imeneyi ikukwanirani ngati muzisewera kamodzi pamwezi, kapena ngati mmodzi wa inu amapita kale cha ku Mangochi pa ntchito zake. Muyambe mwawaimbira foni eni malowo. Ambiri sadzaza silinda imene masiku ake oyezedwa anadutsa, ndipo ena amafuna kudziwa chimene mukukachita ndi mpweyawo.

Yachiwiri ndi kompuresa yanuyanu. Masiku ano kuli makompuresa ang'onoang'ono opangidwira mfuti zodzazidwiratu mpweya wopanikizidwa, zotchedwa PCP, amene amafika 4,500 psi. Odziwika kwambiri ndi a mtundu wa Yong Heng, amene amayendera magetsi a m'nyumba a 220 V ndipo amaziziritsidwa ndi madzi a m'ndowa kudzera pa kapampu kakang'ono. Botolo la 48 amalidzaza m'mphindi zowerengeka. Mtengo wake sutalikirana kwambiri ndi wa botolo limodzi kapena awiri a carbon fibre, ndiye anthu asanu mukasonkherana, katunduyo amapepuka. Kwa gulu lofuna kusewera Loweruka lililonse, ine ndikanasankha imeneyi.

Koma kompuresa yotereyi imafuna munthu wodekha, ndipo m'gulu lanu musankhe mmodzi woti aziisamala, osati aliyense kumangoiyatsa. Mpweya ukapanikizidwa umatulutsa madzi, ndipo kompuresa ya mafuta imalavulanso timafuta. Zonsezi zikalowa m'botolo zimadya mkati mwake ndi kuwononga reguleta, ndipo mafuta pa puresha yotereyi angathe kuyaka. Kasefa kamene kamabwera ndi kompuresa ndi kakang'ono, choncho mugulirenso sefa yaikulu yochotsa madzi ndi mafuta, muzisintha zamkati mwake, ndiponso muzitsegula timavalavu totayira madzi pakapita mphindi zingapo pamene ikugwira ntchito. M'nyengo ya dzinja ndi m'masiku a nkhungu madziwo amachuluka kwambiri. Chinanso, pamtunda wa Dedza mpweya ndi wopepuka, wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kompuresa imakoka wochepa pa kupuma kulikonse, ndiye imachedwerapo kudzaza ndipo imagwira ntchito nthawi yaitali. Muziyang'ana kutentha kwake, madzi a m'ndowa akafunda musinthe, ndipo muziipumitsa pakati pa mabotolo. Musaichokere ikamalira. Kompuresa ya 4,500 psi sidziwa kuti mwalumikiza botolo la 3,000, imangopitiriza. Ngati ilipo yozima yokha pa puresha imene mwatchera, owonjezera ndalamawo ndi oyenera. Ndipo poti magetsi amatha kuthima Loweruka m'mawa, muzidzaziratu Lachisanu. Aliponso makompuresa a 12 V oyendera batire ya galimoto, amathandiza kutchire, koma amachedwa ndipo satha kudzaza mabotolo ambiri motsatizana.

Njira ziwiri zotsalazo ndizingozitchula. Pampu yamanja ya PCP imafikadi 3,000 psi, koma botolo la 48 limafuna kupopa mazanamazana, ndipo pampu imatentha musanamalize. Ndi yoyenera timabotolo ta 13 cubic inch. Nayitirojeni wa makampani ogulitsa mpweya wa m'mafakitale, monga Afrox, amagwira ntchito bwino lomwe, poti mpweya timapumawu 78 peresenti ndi nayitirojeni yemweyo. Pamafunika chikole cha silinda, chonyamulira, ndi cholumikizira choyenera chokhala ndi geji ndi potayira mpweya, ndipo muziwerenga chizindikiro cha pasilinda nokha musanalumikize.

Ndiye yankho langa pa funso lanu loyamba ndi ili: akulu anu agule la aluminiyamu la 48/3000, anzanunso chimodzimodzi, ndipo ndalama imene ikanapita ku carbon fibre ipite ku kompuresa ndi sefa yake. Ngati thumba lilola, awiri a aluminiyamu pa munthu, kuti lina likhale lodzaza pambali. La carbon fibre lili ndi ubwino wake weniweni, limapepukirapo ngakhale ndi lalikulu, ndipo osewera m'mipikisano amalikonda pa chifukwa chimenechi. Koma ulusi wake ukakalika pamwala n'kuyamba kutuluka, botolo latha ntchito, ndipo malo amene muzisewera kwanuko ndi amiyala. Ambiri a iwo amakhalanso ndi moyo wa zaka 15 zokha kuchokera tsiku lopangidwa, kaya mwagwiritsa ntchito kaya ayi. La aluminiyamu limapirira kugwa ndi kukwawa, ndipo lilibe malire otere bola lizipambana poyezedwa. Mukadzazolowera kompuresa n'kuona kuti masewerawa akukhalitsani, 68/4500 mudzaigula panthawiyo, kodzazitsira kuli kale m'nyumba.

Botolo la HPA limabwera ndi reguleta pamutu pake, ndipo apa akulu anu afunse bwino. Ntchito ya reguleta ndi kutsitsa puresha ya m'botolo kuti mfuti izilandira yofanana nthawi zonse, kaya botolo ladzaza kaya latsala theka, kaya kwazizira kaya kwatentha. Ubwino wonse wa HPA wagona pamenepo. Ena amatulutsa 800 mpaka 850 psi, ena 450 mpaka 550 psi, ndipo alipo otsika kuposa apa. Cronus imafuna wa 800 mpaka 850. Mukaipatsa wa 450 imawombera kamodzi n'kulephera kudzikoka, inu n'kumaganiza kuti mfuti yafa pamene vuto ndi reguleta. Mabotolo ambiri a 48/3000 amabwera kale ndi wa 800, komabe afunse ndi kuwerenga pakatoni. Geji ya pabotolo imaonetsa mpweya wotsala mkati, siionetsa umene ukupita kumfuti.

M'mbali mwa reguleta muona timabawuti tiwiri tokhala ndi timabowo. Amenewo ndi ma burst disc, chitetezo chimene chimang'ambika dala puresha ikapitirira. Lolembedwa 1.8k limateteza mfuti, ndipo linalo limateteza botolo: 5k pa botolo la 3,000, 7.5k pa la 4,500. Likaphulika limasinthidwa ndi la nambala yomweyo basi. Osatseka bowolo ndi bawuti wamba, osaikapo la nambala yokwera. La 1.8k likamaphulika mobwerezabwereza, reguleta ikudutsitsa mpweya mkati ndipo ikufunika kukonzedwa.

Asanalipire ayang'anenso tsiku lopangidwa. Pa la aluminiyamu limadindidwa pakhosi, mwezi kenako chaka, mwachitsanzo 06 ndi 24. Mabotolowa amayenera kuyezedwa ndi madzi opanikizidwa, chimene amati hydro test, pakatha zaka 5 zilizonse kuchokera tsiku limenelo, osati kuchokera tsiku logula. Botolo likhoza kukhala latsopano koma litagona m'sitolo zaka ziwiri, ndiye asankhe la tsiku laposachedwa. Nthawi yoyezetsa ikadzakwana, funsani osambira pansi pa madzi aja kumene amayezetsa masilinda awo. Ambiri amangogula lina la aluminiyamu chifukwa mtengo woyezetsa ndi wotumiza umayandikira wa latsopano. Mabotolo akale otsatsidwa pa Facebook ndimawakayikira, makamaka okutidwa ndi nsalu kapena zomata. Ngati wogulitsa sakulola kuti muvule chikutiro n'kuona tsiku ndi thupi lonse la botolo, musiyeni.

M'katundu yemweyo aikemo tinthu ting'onoting'ono timene kuno n'tovuta kupeza: ma O-ring (timphira tozungulira toletsa mpweya kudontha) a saizi 015 a pamutu pa botolo, okwana khumi kapena kuposa, ma burst disc apadera, kachivindikiro ka pamazinga, kachipewa ka pa kamlomo kodzazira, mafuta ake enieni a paintball, ndi chronograph (chipangizo choyezera liwiro la timipira) imodzi ya gulu lonse. Kachipewako musakapeputse. Fumbi la August mpaka October likalowa pa kamlomo limakankhidwira mu reguleta podzaza, ndipo kudontha kwa mpweya kochuluka kumayambira pamenepo. Mafuta aja ndi a mfuti ndi a O-ring ya kunja. Pa kamlomo kodzazira sipadonthezedwa mafuta a mtundu uliwonse, ngakhale kakudontha mpweya, chifukwa podzaza mafutawo amayaka mkati. Mafuta a injini ndi opopera pa mabawuti adzimbiri asayandikire n'komwe zipangizo zimenezi.

Mabotolo abwere opanda mpweya. Pandege salola botolo lodzaza, ndipo nthawi zambiri amafuna kuti reguleta ichotsedwe aone mkati, zomwe zimafuna munthu wodziwa kuti aibwezeretse bwino. Ngati akubwera pa basi yodzera ku Tete n'kulowa pa chipata cha Dedza, ntchito imachepa: mabotolo opanda kanthu, m'makatoni awo, malisiti ali m'manja kuti aonetse a MRA.

Podzaza, tsegulani valavu pang'onopang'ono. Mpweya wolowa mothamanga umatenthetsa botolo, ndipo likazizira mupeza geji yatsika. Mukamaliza tsekani valavu, tayani mpweya wa m'paipi, kenako chotsani cholumikizira. Pochotsa botolo kumfuti pali ngozi imene ndikufuna muidziwe bwino. Botolo limatha kumasuka kuchoka ku reguleta yake, reguleta n'kutsalira kumfuti, ndipo likatero limauluka ndi mphamvu yonse ili mkatimo. Mu 2004 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha katundu, CPSC, linachenjeza anthu za zimenezi anthu awiri atamwalira pomenyedwa ndi mabotolo a CO2 omasuka mwa njira yomweyi. Tsiku loyamba lomwe jambulani mzere wa penti yoyera kuchokera pa reguleta kufika pabotolo. Pomasula, maso akhale pamzerewo. Ukangosiyana, lekani pomwepo, bwezerani, ndipo mupite nalo kwa wodziwa. Kamasulidwe kabwino ndi aka: chotsani timipira tonse, potozani botolo pang'ono kusakwana kuzungulira kamodzi, lozani kumalo kopanda anthu n'kuwombera mpaka mpweya wa mumfuti uthe, kenako malizani kumasula. Mukatero O-ring siduka kawirikawiri.

Posunga, musiyemo mpweya pang'ono kuti chinyezi chisalowe, ndipo likhale kutali ndi dzuwa la m'galimoto yotseka komanso mbaula imene mumawotha mu June. Botolo limene lapsa ndi moto, lobonyoka, lokalika mozama kapena lotupa penapake lisadzazidwenso, ngakhale likuoneka kuti likusunga mpweya. Mukamva kulira kwa mpweya wodontha, fufuzani ndi madzi a sopo. Musatseke ndi chala, chifukwa mpweya wa puresha yotere umalowa pansi pa khungu, ndipo kabala kake kamaoneka kakang'ono pamene mkati mwavulala kwambiri. Zikachitika thamangirani ku chipatala cha boma cha Dedza nthawi yomweyo, musadikire kuti muone mawa. O-ring ya pamutu mungasinthe nokha. Koma kutsegula reguleta, kapena kuichotsa pabotolo, ndi ntchito ya munthu wophunzira za masilinda a puresha yokwera, ndipo botolo liyenera kukhala lopanda mpweya ngakhale pang'ono. Ngati simukupeza wotere, reguleta yatsopano ndi yotsika mtengo kuposa ngozi yake.

HPA imapangitsa mfuti kuponya mofanana, koma sikutanthauza kuti liwiro lili bwino lokha. Malire odziwika padziko lonse ndi 300 fps, pafupifupi mamita 91 pa sekondi, ndipo mabwalo ambiri amatchera pa 280. Yezani mfuti iliyonse ndi chronograph musanayambe, n'kusintha ndi kabawuti ka liwiro ka pambali pa Cronus. Chigoba cha kumaso sichivulidwa m'bwalo, ndipo kunja kwa bwalo mpope uzikhala wovekedwa kathumba kake. Wina akamenyedwa m'diso, asalitikite kapena kulitsuka mwamphamvu. Muliphimbe mosakanikiza n'kupita naye kuchipatala msanga, ndipo pafupi nanu chipatala cha Nkhoma chili ndi gawo loona za maso.

Musanasewere koyamba, pitani ku polisi ya Dedza ndi mfutiyo ili m'chikwama, buku lake ndi malisiti, mukafotokoze chimene ili ndi kumene muzisewera, ndipo mutsatire zimene akuuzeni. Cronus imafanana ndi mfuti yeniyeni kwa woiona patali, ndipo pa M1 pali marodibuloko. Zimathandiza kuwafotokozera kuti chidachi chinayamba ngati cha anthu a zankhalango ndi oweta ng'ombe ku America choikira chizindikiro pamitengo ndi paziweto, masewera ake oyamba n'kuchitika mu 1981 ku New Hampshire. Amfumu ndi eni malo nawonso adziwe, ndipo ngati mukufuna m'nkhalango ya mapaini, chilolezo chichokere ku ofesi ya zankhalango. Ku Chongoni kokha ndikupemphani kuti musapiteko ndi penti. Zojambula za m'mapanga amenewa zinalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo kampira kamodzi kosochera kangadetse chinthu chimene makolo anasiya zaka mazana ambiri zapitazo.

Pa funso lanu lomaliza, inde, botolo la 48/3000 lidzagwira ntchito pa mfuti yamagetsi, ndipo ichi n'chifukwa china chosiyira CO2. Mfuti zamagetsi zambiri zimafuna HPA yokha, poti madzi ozizira a CO2 amawononga solenoid (kavalavu koyendera magetsi) ndi timphira ta mkati. Mazinga olumikizira botolo kumfuti ndi ofanana pafupifupi pa mfuti zonse, ndipo zambiri zamagetsi zili ndi reguleta yachiwiri yawoyawo imene imalandira 800 psi n'kuitsitsanso. Zilipo zina zimene buku lake limalamula 450 mpaka 550 psi, ndiye mudzawerenge bukulo musanalumikize. Zikadzatero simudzataya botolo, mudzangosintha reguleta. Kapena ngati akulu anu angapeze pano botolo lokhala ndi reguleta yosinthika, monga za Ninja zimene amasintha puresha pochotsa timawashala ta mkati, agule limenelo, alisiye pa 800 monga labwerera, ndipo kusinthako adzakuchitireni wodziwa nthawi yake ikadzafika.